Usanagule GZ34 yachitatu

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kaya iwe ku Johannesburg uko. Kavidiyo kaja ka ampulifaya yako ya gitala ndakaonera kanayi pa foni ya mlongo wako. Ukangogwetsa switchi ya standby, mkati mwa galasi la valavu ya GZ34 mukung'anima ngati mphezi yaing'ono, kenako fyuzi phwa! Ukuti imeneyi ndi valavu yachiwiri m'miyezi itatu, ndiye wagamula kuti za masiku ano n'zachabe. Sindikutsutsa zonse. GZ34 zakale za kampani ya Mullard, zopangidwa ku Blackburn ku England, zinkapirira nkhanza zambiri. Koma iwe, valavu ziwiri zikafa imfa yofanana pa soketi imodzi, mfiti ili m'nyumba momwemo. Ukagula yachitatu osaisaka, udzaikanso maliro.

Pa chithunzi cha m'kati chija ndakuza mpaka ndawerenga zolembedwa pa kapasita yoyamba, kachipangizo kosunga magetsi kaja: 100 µF. Mlandu wayambira pamenepo. Rectifier, ndiye GZ34 yakoyo, yosandutsa magetsi a AC kukhala DC, sithira magetsi m'kapasita mosalekeza ngati mpopi, imathira mwa apo ndi apo, pansonga pa funde lililonse la AC basi. Kapasita ikakula, nthawi yothira imafupika, ndiye valavu imakakamizika kukankha mphamvu yambiri pakamphindi kochepa. Ikakhalanso yopanda kanthu, valavu imaiona ngati shoti. N'chifukwa chake opanga GZ34 adalemba malire a 60 µF. Amene adakugulitsayo, kapena wina m'mbuyo mwake, adatopa ndi kulira kwa "mmmm" m'sipikala n'kuikapo yaikulu. Phokoso lidatha, inde, koma wolipira ndi valavu. Chotsa, uikepo 47 µF ya mavolti 500. Ngati kung'ung'udzako kubwerera, onjezera kapasita kuseri kwa choke, koyilo yosefa magetsi ija, kumene valavu sikumva kuwawa kwake.

Tsono standby, switchi yodula voteji yaikulu pamene mavalavu akutentha. Anyamata a magitala mumaikhulupirira ngati chithumwa. GZ34 imatentha pang'onopang'ono yokha, ndipo voteji imakwera mofatsa pamene mavalavu enawo akudzuka. Ubwino wake waukulu ndi umenewu, ndiye iwe ukuutaya. Londola waya uone pamene switchiyo yakhala. Ngati yadula pakati pa pini 8 ndi kapasita yoyamba, ndiye kuti umayamba waitenthetsa valavu mpaka yakonzeka, kenako n'kuigwetsera kapasita yanjala kamodzin'kamodzi. Mphezi ija ndi imeneyo. Isiye standby ili podutsitsa magetsi nthawi zonse, uzigwiritsa switchi yaikulu yokha. Pa nthawi ya ulaliki ingotsitsa voliyumu.

Magetsi akwanuko ndi ngati akwathu kuno, amapita osatsanzika. Oopsa ndi aja ophethira, othima n'kubwera pasanathe masekondi ochepa: valavu ikadali yamoto, makapasita atsika kale. Akathima, thamangira kuzimitsa pakhoma. Akabwera, dikira mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, oimba kwaya sangafe ndi mphindi ziwiri.

Ukakonza zimenezi, gula madayodi a 1N4007, ndi otsika mtengo kwambiri. Waya awiri ochokera ku thiransifoma amafikira pa pini 4 ndi pini 6. Pa waya aliyense lowetsa dayodi, mbali ya kamzere iloze ku valavu. Ine ndimaika awiri otsatizana mbali iliyonse, chifukwa imodzi imapirira mavolti 1000, pomwe thiransifoma ya mavolti 350 imafikitsa voteji yobwerera pafupi pomwepo. Usawayese mankhwala a zonse. Kapasita yaikulu ija saichiritsa. Ntchito yawo ndi kuthandiza valavu kutsekereza voteji yobwerera, ndipo tsiku limene valavu idzachite shoti, AC sidzafika ku makapasita. Kamvekedwe ka gitala usade nako nkhawa, magetsi akudutsabe m'valavu momwemo.

Za fyuzi ndikuuze zimene sindinauzepo mayi ako. Ndili mnyamata ku shopu kuja, ampulifaya ya mwini holo ina inkangodya mafyuzi, dansi ili madzulo omwewo. Ndinakulunga fyuzi yakufa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Inaimba nyimbo zitatu. Kenako fungo la vanishi wopserera, utsi wachikasu kutuluka m'mabowo a kumbuyo, thiransifoma yatentha yosagwirika. Malipiro a miyezi iwiri anathera pokulungitsa ina. Fyuzi ikhale ya nambala yolembedwa pa chesisi, ndipo ngati ku mbali ya voteji yaikulu kulibe, ikapo ya 500 mA yochedwa kuduka pa waya wapakati wa thiransifoma.

Mnzako wakupatsa 5U4G yaulere, wati. Muthokoze, uyiike m'kabati. Imalowa pa soketi yomweyo, koma fulamenti yake imakoka maampu 3 pomwe GZ34 imakoka 1.9, ndipo thiransifoma yako mwina sinapangidwire katundu ameneyo. Imadzukanso msanga, kufatsa kuja ilibe.

Chimene chikundisowetsa tulo si valavu ayi. M'makapasita amenewo mumatsala mavolti opitirira 400 ngakhale utazula pulagi. Usagwire kanthu usanawakhuthule kudzera pa rezisita, osati ndi sikuludiraiva, ndipo uyeze ndi mita mpaka uone ziro ndi maso ako. Poyeza ili moto, dzanja lamanzere m'thumba, mphete uvule, mdzukulu wanga akhale kunja kwa chipinda. Poyatsa koyamba dutsitsa magetsi m'babu la 100 W, lakale lija la kawaya, osati la LED. Likawala n'kuzilala, zili bwino. Likangoti ngwee osatsika, zimitsa, usapitirize. Ngati mababu otero asowa kumeneko, ndili nawo atatu m'bokosi la zida, ndipatsira wa basi.

Unditumizire chithunzi cha pansi pa soketi usanawotche sodala, chowala bwino, ndione kumene waya wa standby wachokera. Mayi ako akuti nsapato zija zawakwana, koma akufunsa ngati Khirisimasi ino mubwera nonse.

Ndine bambo ako.