Kalata kwa makasitomala athu: masipeya ndi malire a presha pa makompresa akale

Okondedwa makasitomala athu,

Tikukulemberani kuti mudziwe za kusintha kumene kuyambe pa 1 mwezi wamawa pa kakonzedwe ka makompresa akale, makamaka inu opopa matayala m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira pa Chimbiya mpaka ku Lizulu ndi ku Ntcheu, komanso inu openta magalimoto. Kuyambira tsikulo sitidzakwezanso presha ya kompresa ina iliyonse kupitirira malire olembedwa pa kapuleti ka thanki yake, ndipo thanki imene kapuleti kake kanachoka kapena kanafufutika sitidzaibwezera pa ntchito tisanaiyese ndi madzi.

Gwero la nkhaniyi ndi masipeya. Malamba, mafyuluta, mageji ndi maswitchi timawapeza ku Lilongwe popanda vuto lenileni. Chimene chikusowa ndi za m'kati mwa pampu, monga malingi a pisitoni ndi timavalavu ta m'mutu. Makina ena, monga Ingersoll Rand Type 30, masipeya ake akupangidwabe ndipo timawaitanitsa ku Johannesburg, koma alipo ambiri amene makampani owapanga analeka kalekale kuwapangira chilichonse. Ndalama zakunja nazo zikuvuta kupeza, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kampani yaing'ono ngati yathu singathenso kusunga pa shelefu katundu amene mwina angatenge chaka asanagulidwe. Choncho masipeya oterewa tiziwaitanitsa mukapereka dipoziti, ndipo muzitipatsa mtundu wa makina ndi nambala yake monga zalembedwera pa pampu. Magasiketi tipitiriza kudula tokha. Koma mavalavu osema kuchokera ku chitsulo chongotola sitidzaikanso ngakhale mutabwera nawo nokha, chifukwa kachidutswa kake kakathyoka kamagwera mu silinda n'kuikanda, zikatero pampu yonse yatha.

Malingi ndi mavalavu akatha, kompresa imachedwa kudzaza thanki, ndipo ambiri mwa inu mumabwera ndi pempho limodzi, lakuti tingomangitsako switchi kuti mpweya uzikwera. Pempholi timalimvetsa, pakuti galimoto ikaima pa malo anu ndipo mpweya ukuchedwa, dalaivala amapita kwa mnzanu. Komatu switchi siwonjezera mpweya umene pampu ikukoka. Ntchito yake n'kuuza mota nthawi yoima basi. Mukaimangitsa pa makina otopa, mota imangozungulira osapuma, mutu wa pampu umatentha, ndipo oyilo amene wadutsa m'malingi amapserera m'paipi n'kusanduka makala amene angathe kuyaka. Tikukumbutseninso kuti Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepukirapo, kotero kompresa yabwinobwino imadzaza mochedwerapo kuno kusiyana ndi mmene ingachitire ku Golomoti kapena ku Mtakataka. Kuchedwa kumeneko si chifukwa chokhudzira switchi.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi thanki. Mpweya ukapanikizidwa umasiya madzi, madziwo amakhala pansi pa thanki, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuchokera m'kati pamene kunja penti ikuwalabe. Takhala tikumasula kampopi ka pansi pa mathanki ena n'kuona madzi ofiira, a matope, akutuluka mpaka kudzaza chigubu, ndipo pena kampopiko sikatulutsa kanthu chifukwa katsekeka ndi zinyenyeswa za dzimbiri. Pa presha ya 10 bar, imene ndi 145 psi pa geji, malo a chitsulo okula masentimita 10 mbali zonse amakhala akukankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matumba 20 a chimanga. Chitsulo chimene chapyapyala sichichenjeza. Chimang'ambika kamodzi, ndipo amene amavulala ndi mnyamata wogwira paipi kapena kasitomala woima pambali.

N'chifukwa chake timayesa ndi madzi osati mpweya. Timadzaza thanki mpaka pakamwa, kenako timaipopa kufika kamodzi ndi theka pa presha yake yogwirira ntchito. Popeza madzi sapanikizika ngati mpweya, thanki yofooka imangodontha kapena kung'aluka osaphulika. Imene yalephera sitidzaiwotcherera, pakuti kabowo kamodzi kakaoneka ndiye kuti chitsulo chozungulira ponsepo chadyeka kale. Valavu yotulutsa mpweya ukachuluka, imene ambiri timaitcha sefite, tikaipeza yomangidwa ndi waya kapena yotsekedwa ndi bawuti, tidzaisintha tisanagwire china chilichonse, ndipo mtengo wake udzalowa mu bilu.

Tikudziwa kuti amene akhudzidwe kwambiri ndi inu opopa matayala a malole. Tayala la galimoto yaing'ono limafuna pakati pa 2 ndi 2.5 bar, pamene la lole limafuna pafupifupi 8 bar, ndipo kompresa yaing'ono imene imaima pa 8 bar singalikwanitse bwino, chifukwa mpweya umaleka kuyenda presha ya m'thanki ikafanana ndi ya m'tayala. Ntchito imeneyi ndi ya kompresa yopanikiza mpweya kawiri, yofika cha pa 12 bar, yokhala ndi thanki yopangidwira presha yomweyo. Ngati pampu yanu ili yamphamvu koma thanki yatha, tingathe kusamutsira pampu ndi mota pa thanki yatsopano, zimene n'zotsika mtengo kusiyana ndi kugula makina onse.

Tikupempha kuti mubwere ndi kompresa yanu, kapena mutitumizire pa WhatsApp zithunzi za kapuleti ka thanki ndi ka pampu, mwezi uno usanathe, kuti tikuuzeni ngati masipeya ake akupezekabe. Podikira zimenezi, madzulo alionse muzimasula kampopi ka pansi kuti madzi atuluke.

Ife anu,
Eni malo okonzera makompresa,
Dedza Boma