Mwana wanga, za vinyo wa ku Lyon

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino. Mvula yayamba, amayi ako abzala kale, ndipo bondo langa lija layambanso kuvuta monga limachitira nyengo ino. Koma si za bondo zimene ndakhalira pansi kuti ndilembe.

Chithunzi chija ndachiona. Mlongo wako anayesetsa kubisa foni, koma ukumudziwa, nkhope yake sisunga chinsinsi. Iwe uli m'mbali mwa mtsinje usiku, mnzako uja atakukoleka mkono m'khosi, mabotolo ali pansi. Amayi ako akuti ndi awiri, ine ndawerenga atatu. Kenako unabwera uthenga wako wautali uja, wolembedwa mwaluso, wonena kuti ndalama ya lendi yatha ndipo sukufuna kutibisira kanthu, poti maphunziro ako akukuphunzitsa kuti munthu azinena zoona za iye mwini. Amayi ako anagwetsa misozi, akuti mwana wathu ndi woona mtima. Ine maso anali gwa. Ndaphunzitsa Chifulenchi kusekondale mpaka kupuma pantchito, ndipo kalembedwe kameneko mwini wake ndimamudziwa. Ndi Rousseau, mlembi wa mabuku a Chifulenchi uja.

Popeza ukumuwerenga chaka chino, tsegula gawo lachisanu ndi chimodzi la Confessions, buku limene anasimbamo za moyo wake. Mu 1740 munthuyu anabwera mumzinda womwe uliwo, ku Lyon, kudzaphunzitsa ana pakhomo pa Mably. Anamupatsa udindo woyang'anira vinyo, iye n'kuyamba kuzembetsa mabotolo kupita nawo kuchipinda kwake. Amagula kabuledi kotsekemera, n'kudzitsekera, n'kumamwa pang'onopang'ono akuwerenga buku. Amazifotokoza mokoma moti nawe umalakalaka utakhala naye m'chipindamo. Mabotolo omwewo ndi amene anamuulula, ndipo eni nyumba anangomulanda udindowo osanena kanthu. Paja nawe unandiuza kuti umawerenga bwino pakakhala tambula pambali.

Imeneyo ndi yaing'ono. Ya Marion ndi imene imandisowetsa tulo. Ku Turin, mu 1728, ali ndi zaka 16, anaba kariboni m'nyumba imene ankagwiramo ntchito. Atamupeza nako, ananamizira mtsikana wophika, Marion, pamaso pa anthu onse. Onse awiri anachotsedwa ntchito. Patapita zaka pafupifupi 40 Rousseau analemba nkhaniyi ndi mawu achisoni, n'kunena kuti kufuna kutula katundu ameneyu ndi chimodzi mwa zimene zinamuchititsa kulemba bukulo. Iye anatuladi. Nanga Marion anapindulanji? Buku linatuluka mu 1782, mwini wake atamwalira kale mu 1778. Ana asanu amene anabereka ndi Thérèse Levasseur anawatumiza kunyumba yosungirako ana otayidwa, ndipo zimenezonso anaulula mwaluso lomwelo. Kuulula n'kosavuta kwa munthu wodziwa kulemba, mwana wanga. Uthenga wako unali wokoma, koma mwini nyumba sadzalandira uthenga, adzafuna lendi.

Usamve ngati ndikunyoza maphunziro ako. Tsiku limene kalata yako ya sikolashipu inabwera ndinayenda nayo mpaka kutchalitchi, ndipo aliyense amene anandifunsa kuti mwana akukaphunzira chiyani ndinkamuyankha ndi mtima wonse: mbiri ya mabuku amene anthu amalemba za moyo wawo. Ena ankaseka, akuti zimenezo n'zopitira ku France? Ankafuna udokotala. Ine sindinachite manyazi. Ndinakuwerengera L'Enfant noir ya Camara Laye uli ku pulayimale, pakhonde paja, nyali ikuthima ndi mphepo, ndipo unalira pamene mayi a mnyamata wa m'bukumo ankakana kuti mwana wawo apite ku France. Pa bwalo la ndege amayi ako anachita chimodzimodzi, iwe n'kumaseka. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndinatero ine, ndipo sindinasinthe maganizo.

Koma ngati ukufuna woti umutsanzire, bwanji osatenga mlembi wina wa ku France, Montaigne? Mu 1571, ali ndi zaka 38, anadzipatula m'nsanja ya nyumba yake ndi mabuku ake, n'kuyamba kudzifufuza modekha, osalira, osadziguguda pachifuwa. Buku lake la Essais linatuluka mu 1580, ndipo chaka chotsatira anthu a ku Bordeaux anamusankha kukhala meya. Munthu wodziyang'ana yekha, koma wodalirika pantchito. Zimatheka.

Aphunzitsi ako akuuzani kale za Philippe Lejeune ndi pangano lake lija la mu 1975, lakuti m'buku la mbiri ya moyo wa mwini, wolemba, wofotokoza ndi munthu wa m'nkhani akhale mmodzi, ndipo dzina la pachikuto ndilo chikole. Ndinaliwerenga mochedwa, nditakula kale, koma linandikhala mumtima. Dzina limene lidzakhale pachikuto chako si lako wekha. Ndi la agogo ako, ndi langa, ndi la mlongo wako amene sanakwatiwe. Ndipo lilinso pa chithunzi chija cha pa Facebook.

Popeza tafika pa zoulula, nane ndiulule. Uli ndi miyezi isanu ndi itatu unadwala malungo kumapeto kwa mwezi. Ine ndinali nditalandira malipiro Lachisanu, ndipo ndinafika pakhomo Lamlungu m'mawa, m'thumba muli ndalama zachitsulo zokhazokha. Amayi ako anali atakubereka kumbuyo usiku, wapansi, mpaka kuchipatala, ndipo ndalama ya mankhwala anakongola kwa mayi wogulitsa mandasi. Sananditukwane. Anangondipatsa kapepala ka ngongoleyo n'kupitiriza kukupukuta thukuta. Kapepalako kali m'Baibulo langa mpaka lero. Sindinakuuzepo chifukwa sindinkafuna kuti undione choncho. Amalume ako aja analibe wowapatsa kapepala, ndipo unali wamkulu ndithu pamene tinkawaika m'manda, ukukumbukira mmene kachasu anawatupitsira miyendo. Magazi amenewa ali mwa iwe mbali zonse ziwiri. Ukamati ndi vinyo chabe, wa pachakudya, ndi chikhalidwe cha kumeneko, ine ndimamva mawu anga omwe a nthawi imeneyo. Ndinkati ndi kamodzi pamwezi.

Za mnzakoyo sindinena zambiri, sindikumudziwa. Mwina ndi mwana wabwino. Koma kwawo ndi komweko, zikamuvuta akwera sitima n'kukadya kwa mayi ake. Iwe ukalephera mayeso, sikolashipu ithera pomwepo ndipo chitupa chako chokhalira m'dzikomo chikhala pa chiswe. Ndiponso amene amakuuza kuti alembi onse aakulu ankamwa, umufunse za mlakatuli Verlaine. Anawombera ndi mfuti mlakatuli mnzake Rimbaud ku Brussels mu 1873 ataledzera, anakhala m'ndende, ndipo anafa mu 1896 ali ndi zaka 51, wosauka, atatha zaka akulowa ndi kutuluka m'zipatala. Nayenso analemba buku lake la Confessions.

Amayi ako andiuza kuti ndikukumbutse za Monica, mayi wa Augustine Woyera, poti dzinalo ndi la bungwe lawo la amayi kutchalitchi. Iwo amadziwa za misozi yake yokha. Koma iwe ukudziwa kuti Augustine, amene analemba Confessions yake m'Chilatini zaka zoposa 1,300 Rousseau asanabwereke mutuwo, anasimba kuti mayi akewo ali mtsikana ankatumidwa kukatunga vinyo mumgolo. Anayamba ndi kungonyowetsa milomo, tsiku ndi tsiku n'kumawonjezera, mpaka kumagugudiza makapu odzaza. Tsiku lina atakangana ndi wantchito, wantchitoyo anamutchula kuti chidakwa. Mawu amodzi okhawo, ndipo anasiyiratu. Sanalembe buku. Anasiya. Ndawauza amayi ako nkhaniyi ndipo sanakondwe nayo, akuti ndikunyoza woyera.

Tsono za ndalama. Ndagulitsa mbuzi ziwiri ndipo mlongo wako wawonjezerapo zake, umuthokoze. Sindikutumizira m'manja mwako. Unditumizire nambala ya akaunti ya mwini nyumba, ndipo mwezi wamawa usadzandipemphenso, chifukwa zotsalazo ndi za feteleza. Ukwiye ngati ukufuna kukwiya.

Unditumizirenso zimene walemba za Annie Ernaux, uja analandira mphoto ya Nobel mu 2022. Buku lake la La Place ndinaliwerenga kawiri, ndipo bambo ake aja, a kagolosale ka ku Yvetot, oopa kulankhula pamaso pa anthu ophunzira, anandimvetsa chisoni kuposa mwana wawo. Ukadzalemba za ine, nkhani ya kapepala ija uilembe momwe inalili, osaikometsera. Koma uyambe wamaliza digiri.

Uzivala jekete lija, ku Lyon kwayamba kuzizira. Lamlungu tikachoka kutchalitchi tidzaimba, ndipo ndikufuna kudzamva mawu ako ali bwinobwino. Ndidzadziwa.

Ndine bambo ako.