Magulu othandizana asadikire mayeso

A Mkonzi,

Ophunzira a m'makoleji kuno ku Kasungu amene masamu ndi sayansi zikuwavuta asadikire mayeso kuti ayambe kuthandizana. Gulu liyambe sabata yachiwiri ya teremu, likhale la anthu 5 kapena 6, lizikumana kawiri pa sabata kwa ola limodzi. Akachuluka, amanyazi amangokhala duu kumbuyo.

Wotsogolera akhale amene anakhoza phunzirolo chaka chatha, koma choko asachiumirire. Apereke funso la mayeso akale, wina alisove pa bolodi uku akufotokoza mokweza, pakuti m'pamene cholakwa chimaonekera. Akamangopereka mayankho, anzake amakopera, n'kukasowa poyambira funso likasintha pang'ono. Chimene chakanika onse achilembe, apite nacho kwa aphunzitsi sabata yomweyo.

Aphunzitsi okhudzidwa,
Kasungu