Lipoti la msonkhano wokambirana za malamulo oletsa kunyoza chipembedzo ndi ufulu wolankhula

Apampando, Abusa, Mashehe, amayi ndi abambo nonse a komiti yathu ya mtendere pakati pa zipembedzo,

Ponditumiza ku Lilongwe munandisenzetsa funso limodzi. Ena mwa ife takhala tikufuna kuti komiti ilembere aphungu athu kalata yopempha kuti chilango cha anthu onyoza zopatulika pa Facebook ndi pa WhatsApp chikhwimitsidwe, ndipo munati ndikamve kaye zimene maloya, atolankhani ndi atsogoleri a zipembedzo akunena pankhaniyi. Ndabwera ndi yankho langa: kalata imeneyo tisalembe. Ndikudziwa kuti ena simukondwa, choncho ndiloleni ndifotokoze bwinobwino.

Za mwambo wotsegulira ndi malonje sinditayirapo nthawi. Nkhani inayamba kulemera pomwe loya wina analongosola za ku Pakistan. Dzikolo linatengera malamulo a milandu amene Angelezi analembera India mu 1860, ndipo poyamba zilango za milandu yokhudza chipembedzo zinali za ndende ya zaka zochepa. Mu ulamuliro wa msilikali Zia-ul-Haq anawonjezera ndime zina. Ya 295-B, ya mu 1982, imati wodetsa Korani akhale kundende moyo wake wonse. Ya 295-C, ya mu 1986, ndi ya wonyoza dzina la Mtumiki Muhammad, ndipo kuyambira mu 1991 chilango chake ndi imfa basi, woweruza alibe china choti n'kusankha.

Nkhani ya mayi Asia Bibi ndiifotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ikuonetsa mmene lamuloli limagwirira ntchito kumudzi. Mayiyu anali Mkhristu wosauka wa m'chigawo cha Punjab, wogwira ganyu yothyola zipatso. Mu Juni 2009 anatumidwa kukatunga madzi, n'kumwako pang'ono. Amayi anzake anakana kumwa madziwo ati wawadetsa. Anakangana monga amakanganirana anthu kumunda dzuwa likuswa mtengo. Patapita masiku asanu, dandaulo linafika kupolisi loti pamkanganopo iye ananyoza Mtumiki. Mu Novembala 2010 khothi linagamula kuti anyongedwe. Anakhala zaka pafupifupi 8 m'chitokosi akudikira chingwe, mpaka pa 31 Okutobala 2018 pomwe khothi lalikulu kwambiri la dzikolo linamumasula, litaona kuti mboni zinkatsutsana zokhazokha. Ngakhale anamasulidwa, kwawo sanabwerere. Zionetsero zinatseka misewu, loya wake anathawira ku Netherlands, ndipo mwini wake anapita ku Canada mu Meyi 2019.

Ena amene anamulankhulira anafa. Salman Taseer, bwanamkubwa wa Punjab komanso Msilamu, anaomberedwa ndi womulondera wake yemwe pa 4 Januwale 2011. Shahbaz Bhatti, nduna yoona za zipembedzo za anthu ochepa, anaphedwa pa 2 Malichi chaka chomwecho. Mu 2014 loya Rashid Rehman anaomberedwa muofesi mwake ku Multan chifukwa choimira mphunzitsi wa payunivesite woimbidwa mlandu womwewu. Tangoganizani woweruza wa khothi laling'ono, panja podzaza gulu likukuwa, iye akudziwa zimene zinaonekera bwanamkubwa. Agamula bwanji?

Chimene chinandizizimutsa n'chakuti boma la Pakistan silinanyongepo munthu pamlandu umenewu, koma anthu ambirimbiri aphedwa ndi magulu olusa mlandu usanathe, ena usanayambe n'komwe. Mashal Khan, wophunzira pa yunivesite ku Mardan, anaphedwa ndi ophunzira anzake mu Epulo 2017, ndipo ofufuza sanapeze umboni woti ananyoza. Priyantha Kumara, wa ku Sri Lanka, bwana wa fakitale ku Sialkot, anamenyedwa n'kuotchedwa pamsewu mu Disembala 2021. Ife timaganiza kuti lamulo likakhwima anthu adzasiya kulanga okha chifukwa adzakhulupirira khothi. Kumeneko zaoneka mosiyana. Boma likalengeza kuti mawu ndi oyenera imfa, gulu limangoti tikuthandiza boma kufulumiza. Ndipo Mashehe athu mumve ichi: ochuluka mwa oimbidwa milanduyi ku Pakistan ndi Asilamu.

Mlanduwu ulinso ndi vuto lina limene sindinaliganizepo. Wakuba mbuzi, mbuziyo imaoneka. Wonyoza, umboni wake ndi pakamwa pa womunenezayo, ndipo nthawi zambiri mboni imakana kubwereza mawuwo m'khothi poopa kuti nayonso ichimwa. Munthu amaweruzidwa pa mawu amene woweruza sanawamve. Ndiye amene ali ndi mkangano wa malo, ngongole kapena nsanje ya pantchito wapeza njira yachidule. Abusa, inu mukuidziwa nkhani ya Naboti pa 1 Mafumu 21: mfumu inasirira munda wake wamphesa, anapeza mboni ziwiri zonama zoti watemberera Mulungu ndi mfumu, anamuponya miyala, munda n'kutengedwa. Stefano nayenso ananamiziridwa mlandu womwewo, ndipo Ambuye Yesu anaweruzidwa pamaso pa mkulu wa ansembe kuti achitira Mulungu mwano.

Mayi wina wa ku Nigeria analankhula nafe kudzera pa intaneti. Kumpoto kwa dziko lawo zigawo 12 zimagwiritsa ntchito malamulo a Sharia pa milandu. Yahaya Sharif-Aminu, mnyamata woimba wa ku Kano, Msilamu wa gulu la Tijaniyya, anatumiza nyimbo pa WhatsApp mu 2020. Gulu linatentha nyumba ya makolo ake, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anagamulidwa kuti anyongedwe, wopanda loya womuimira. Khothi la apilo linalamula kuti mlandu uzengedwenso, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka ku khothi lalikulu kwambiri la dzikolo. Khothi la Sharia la ku Kano limene linamugamula poyamba lija linaperekanso zaka 10 pa mlandu wonyoza kwa mwana wa zaka 13, chigamulo chimene chinafafanizidwa mu Januwale 2021. Mubarak Bala, amene sakhulupirira Mulungu, anapatsidwa zaka 24 mu 2022 chifukwa cha zimene analemba pa Facebook, kenaka zinachepetsedwa pa apilo. Koma pomwe mayiyo anatchula Deborah Samuel, mawu ake ananjenjemera. Mtsikanayu anali pasukulu yosula aphunzitsi ku Sokoto. Anadandaula pagulu la WhatsApp la kalasi yawo za mauthenga achipembedzo amene ankatumizidwapo, ndipo pa 12 Meyi 2022 ophunzira anzake anamugenda n'kumuotcha pasukulu pomwepo. M'holomo munali makolo ambiri a ana a kukoleji, ine ndemwe. Tonse tinangoti chete, wina kumbuyo kwanga akungopukusa mutu.

Mwina mukuti zimenezo n'zakutali. Nafenso lamulo lotere tili nalo. M'buku lathu la malamulo a milandu, limene tinalandira kwa atsamunda mu 1930, ndime 127 imaletsa kuononga kapena kudetsa malo opembedzerapo, 128 kusokoneza mapemphero, 129 kuchita chipongwe kumanda. Zitatuzi palibe anazitsutsa, chifukwa zimateteza anthu ndi malo awo. Mkangano unali pa ndime 130, imene imati wolemba kapena kulankhula mawu ndi cholinga chopweteka mtima wa mnzake pa chipembedzo chake akhoza kukhala kundende chaka chimodzi. Mawu a ndimeyi ndi ofanana kwambiri ndi a ndime 298 ya lamulo lija la ku India la 1860, lomwe Pakistan inamangirapo zake. Loya wa kuno kwathu anati ili ngati chikwanje chotsomeka kudenga: zaka zingapite osachigwira, koma tsiku la ndewu aliyense amadziwa pomwe chili. Ndipo taganizani, m'busa akalalikira kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu, Shehe n'kuphunzitsa kuti Mulungu alibe mwana, wa Seventh Day n'kunena za Lamulungu, wa Mboni n'kukana za Utatu, ndani sanapweteke mtima wa mnzake? Ife tomwe a komiti ino tikhoza kumangitsana sabata iliyonse.

Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo mu ndime 33, ufulu wolankhula mu ndime 35, ndipo ndime 44 imati ufulu uchepetsedwe pokhapokha ngati kutero kuli kofunikadi m'dziko la demokalase komanso kovomerezeka ndi mapangano a ufulu wachibadwidwe a dziko lonse. Malawi inalowa m'pangano la United Nations la ufulu wa nzika ndi wa ndale mu 1993. Komiti yoyang'anira panganolo inanena mu 2011 kuti malamulo oletsa kunyoza chipembedzo sagwirizana nalo, kupatula pomwe mawuwo akuputa chidani choti anthu asalidwe, adedwe kapena avulazidwe. Mu 2012 akatswiri anakumana ku Rabat, ku Morocco, n'kuika mafunso 6 oyesera mawu otere: zinthu zili bwanji m'deralo, wolankhulayo ndi ndani, cholinga chake n'chiyani, wanena chiyani ndipo motani, mawuwo afika patali bwanji, ndipo chiopsezo choti wina avulale n'chachikulu bwanji. Mwachidule, lamulo liteteze wopembedzayo. Wonena kuti chiphunzitso chako n'chabodza wakupsetsa mtima. Woima pamsika n'kunena kuti anthu a chipembedzo chakuti tiwathamangitse m'mudzi muno, ameneyo ndiye wa apolisi.

Sikuti tonse tinagwirizana. Shehe wina wachikulire anaimirira n'kufunsa za anthu amene ankaotcha Korani pagulu ku Sweden ndi ku Denmark mu 2023, apolisi akuwateteza. Anati munthu wochita zimenezo kutsogolo kwa mzikiti, m'dziko lomwe Asilamu ndi ochepa ndipo ambiri ndi alendo, sakutsutsa chiphunzitso, akuuza anthuwo kuti sakufunika. Ine ndinamva kuti akunena zoona, ndipo sindinakondwe ndi mnyamata wina amene anayankha mopepuka ngati buku lopatulika ndi pepala chabe. Ngakhale maiko a ku Ulaya sakuyenda njira imodzi. England inathetsa lamulo lake mu 2008, anthu a ku Ireland anavota kulichotsa mu 2018, koma Denmark, imene inathetsa lake mu 2017, inakhazikitsanso lina mu Disembala 2023 loletsa kuchitira chipongwe mabuku opatulika pagulu. Maganizo anga ndi oti zimene Shehe anafotokoza zimagwera kale m'mafunso a ku Rabat aja, chifukwa ndi kuopseza anthu, ndipo sizifuna lamulo lomanga aliyense wolankhula zosatikomera. Shehe yemweyo pambuyo pake anatikumbutsa kuti Korani, pa Sura 6 ndime 108, imaletsa Asilamu kutukwana zimene ena amapembedza, ndipo pa Sura 4 ndime 140 imalangiza kuti ukamva mawu a Mulungu akuchitidwa chipongwe, uchoke pamalopo mpaka asinthe nkhani.

Chimene chinamaliza kunditembenuza ndi mbiri yathu yomwe. A Mboni za Yehova analetsedwa kuno mu 1967. Chifukwa chokana kugula makadi a chipani anamenyedwa, nyumba zawo zinatenthedwa, zikwizikwi zinathawira ku Zambia mu 1972 kenaka ku Mozambique, mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Achikulire a m'komiti muno anaona ndi maso. Ana a chi Rasta ankabwezedwa kusukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo mpaka khothi la ku Zomba linagamula mowakomera mu 2023. Boma likapatsidwa mphamvu yosankha chikhulupiriro choyenera kutetezedwa, oyamba kulira amakhala ochepa ndi osauka. Komanso ife sitili osiyana ndi a ku Sokoto pa nkhani ya gulu lolusa. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa chifukwa mphenzi inapha mtsikana ndipo wina anati ndi ufiti. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Mlandu wopanda umboni wooneka, mphekesera yothamanga pafoni, achinyamata okwiya, apolisi ochepa: zonsezo tili nazo kale. Sindikufuna komiti yathu iwonjezerepo dzina la Mulungu.

Ndiye pempho langa ndi ili. M'malo mwa kalata yopempha chilango chokhwima, tipangane tokha kuti paguwa, pa mimbari ya mumzikiti ndi pa zimkuzamawu za pamsika tiziphunzitsa zathu osatukwana za anzathu, ndipo wathu akalakwitsa timudzudzule ife eni ake poyera, tisadikire kuti a mbali inayo adandaule. Tisankhe anthu awiri, wa kutchalitchi ndi wa kumzikiti, amene aziimbiridwa foni nthawi iliyonse mphekesera yoti wina wanyoza ikayamba, kuti afike pamalopo limodzi ndi amfumu ndi apolisi gulu lisanasonkhane, ndipo ntchito yawo yoyamba ikhale kuchotsa wonenezedwayo pangozi. Amene mumayang'anira magulu a WhatsApp a mipingo ndi a madrasa, musalole chithunzi, dzina kapena mudzi wa munthu wonenezedwa kutumizidwa pagulu. Za ndime 130, ine ndikanakonda tipemphe bungwe lounika malamulo kuti liione mwatsopano, koma izi ndikuzisiya kuti tikambirane, chifukwa ndikudziwa kuti Abusa ena ndi Mashehe ena ali ndi mawu.

Mapepala onse amene anatigawira, kuphatikizapo mafunso a ku Rabat, ndapereka kwa alembi, pamodzi ndi malisiti a thiransipoti ndi ndalama yotsala. Apampando, ndikupempha kuti nkhaniyi ikhale yoyamba pa msonkhano wathu wotsatira, ndipo tiitanenso atsogoleri a achinyamata a mbali zonse ziwiri, popeza mafoni ambiri ali m'manja mwawo.

Ine nthumwi yanu.