Opita kukaona Blantyre, samalani posankha kogona

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene amapita ku Blantyre kwa masiku awiri kapena atatu kukangoona mzinda. Patchuthi chapitachi ndinatenga adzukulu anga awiri kuchokera kuno ku Kasungu, ndipo pofuna kusunga kangachepe tinakagona ku Bangwe. Chipinda chinali chotchipa ndithu, koma ndalama ija inathera pa minibasi. M'mawa kudikira kuti idzaze, kutsika ku Limbe, kukweranso ina yopita m'tauni. Pofika kumeneko dzuwa lili paliwombo, ana atayamba kale kulira njala.

Tsiku lachiwiri tinasamukira kufupi ndi depoti ya Wenela. Abale, kusiyana kwake! Ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, tinangoyenda wapansi. Mdzukulu wanga wamkulu anakanitsitsa kuti njerwa zokongola chonchija zinaumbidwa komweko ku Blantyre. Ku Mandala House, nyumba yosanja ya 1882, tinayendanso wapansi ngakhale kuti mawondo angawa anadandaula. Kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Chichiri inali minibasi imodzi basi.

Sindikuti pa Wenela m'pabwino monse ayi. Oitanira amayamba phokoso tambala asanalire, ndipo kukada sindinalole mwana kutuluka pageti. Koma musanalipire chipinda, afunseni eni ake kuti kuchokera pamenepo kukafika m'tauni mukwera minibasi zingati. Akati ziwiri, funani kwina.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kasungu