Zikomo a National Trust chifukwa cha famu ya ku Eskdale

Kwa Akuluakulu a National Trust,

Mwezi wa May chaka chino, ine, mayi a kunyumba ndi ana athu awiri tinagona masiku atatu pa famu ina ya bungwe lanu losamalira malo achilengedwe ndi a mbiri yakale, ku Eskdale, m'dera la Lake District ku England. Ndalemba kuti ndikuthokozeni, ngakhale tinafikako mitima ili m'mwamba.

Tinanyamuka ku Manchester m'mamawa, n'kutsata msewu wa M6 mpaka kukhotera cha ku Kendal. Nyanja ya Windermere, yaitali kuposa zonse mu England, tinangoionera pawindo chifukwa anthu anali piringupiringu, poimika galimoto panalibe. Titadutsa Ambleside, foni inatilozera njira yachidule yodzera m'mapiri, pa mipata ya Wrynose ndi Hardknott. Ndinaimvera, ndipo mlanduwo ndi wanga ndekha. Chikwangwani cholembedwa 30% ndinachiona, koma tanthauzo lake ndinalimva pamene galimoto inayamba kulira pa giya yoyamba, kilatchi ikununkha, msewu wokwana galimoto imodzi ukupindika ngati njoka. Ana amene anakangana njira yonse anangoti zii. Potsetsereka tinaima pa mabwinja a linga la Aroma lomangidwa m'nthawi ya mfumu Hadrian, osati chifukwa chokonda mbiri, koma kuti miyendo isiye kunjenjemera.

Bambo a pafamupo atamva kumene tadzera anaseka mpaka kugwira chitseko. Mayi anangotitsira tiyi osanena kanthu.

Chimene chandilembetsa kalatayi n'cha m'mawa mwake. Mwana wathu wamkazi anafunsa chifukwa chake nkhosa zotuwa za nkhope zoyera zikuyamwitsa ana akuda bii. Bambowo anasiya ndowa pansi n'kumufotokozera kuti nkhosa za mtundu wa Herdwick zimabadwa zakuda, ndipo ubweya umanka nutuwa zikamakula. Anamuonetsa utoto wa pamsana ndi kudulidwa kwa khutu, zizindikiro zimene alimi amadziwira mwini nkhosa ikasochera. Kenako analoza phiri. Kumtundako kulibe mpanda, koma nkhosa iliyonse imadziwa mbali yake yodyera, chifukwa inaphunzira kwa make, makenso kwa make. N'chifukwa chake mlimi akachoka, gulu la nkhosalo limatsala pafamu kudikira wobwera. Anakumbukanso chaka cha 2001, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'ziboda anavuta ku Cumbria, chigawo chimene kuli famuyi, ndipo ziweto zambirimbiri zinaphedwa. Nkhosa zina ungagule, anatero, koma zogulazo phiri sizilidziwa. Apa sanapitirize, anangotola ndowa yake.

Ndinali nditamvapo kuti Beatrix Potter, wolemba mabuku a ana, pomwalira mu 1943, anasiyira bungwe lanu malo okwana maekala pafupifupi 4,000 pamodzi ndi mafamu, n'kulamula kuti nkhosa za Herdwick zisachoke. Kunena zoona, ndinkayesa ndi nkhani yokometsera timabuku ta alendo. Koma ndaona ndekha kuti mafamu anu akulimidwadi. M'khola mukununkha ndowe, galu amauwa kusanache, ndipo mpanda wa miyala yosanjikiza popanda simenti ukagumuka, pali munthu woukonza. Mukanafuna ndalama zachangu, nyumba ngati imeneyi mukanaisandutsa malo ogona alendo okhaokha. Simunatero, ndipo pa chimenechi ndikuombera m'manja.

Tsiku lachitatu tinapita ku Wastwater, nyanja yozama mamita 79, pansi pa Scafell Pike, phiri lalitali mamita 978. Mvula inatipeza komweko, ndiye nsonga ya phirilo sitinaione n'komwe. Tinangoona madzi akuda ndi miyala yotsetsereka kuchokera kumtunda mpaka m'nyanja. Mayi a kunyumba akuti malo amenewa ndi amene anawasangalatsa kwambiri. Ine mtima unatsala kukhola.

Chonde mutiperekere moni kwa banja la pafamupo, poti ndi anthu anu. Muwauze kuti pobwerera tinamvera malangizo awo, tinazungulira msewu wa A595. Mwana uja akusungabe kaubweya kotuwa komwe anatola pa geti, ndipo wakana kuti tikachape.

Ine wanu woyamikira,
Mlendo wa ku Manchester