Lipoti la msonkhano wa magulu a zisudzo ku Cape Town, makamaka nkhani ya Evita Bezuidenhout

Moni a tcheya, amayi msungichuma ndi nonse a gulu. Ndati ndilembe pompano kuti amene mumaphonya pulakatisi chifukwa cha ma shifiti musamve za m'maluwa, paja munandituma ndinu ndipo ya thiransipoti munasonkha ndinu.

Zam'mawa sindichedwa nazo. Anakamba za kalembedwe ka pulopozo yopempha thandizo, kuti gulu lizikhala ndi malamulo ake olembedwa, akaunti ya ku banki ya gulu osati ya munthu, zomwe a tcheya akhala akutiuza kale ife osamva. Mapepala ake ndili nawo. Chomwe chandilembetsa zambiri ndi gawo la masana, la amuna ovala zachizimayi pa siteji, aja amati drag, ndipo amene amatsogolera anasankha kutiphunzitsa kudzera kwa munthu mmodzi, Pieter-Dirk Uys, mwini wake wa Tannie (ndiye kuti azakhali m'Chiafrikaans) Evita Bezuidenhout. Amene mwakhalitsa kuno mwamuonapo pa TV mayi wachizungu uja wa wigi yotukumuka, ndolo zikuluzikulu, kumwetulira ngati akukukonda pomwe akukunyoza. Eya ndi bambo ameneyo.

Uys anabadwa mu 1945 konkuno ku Cape Town. Bambo ake anali Mbunu, Hannes Uys, mayi ake Helga Bassel anali Myuda wochokera ku Berlin woimba piyano amene anathawa Hitler. Ndiye tamvani izi, bambo akewo anagwirapo ntchito mu bungwe la boma loletsa mabuku ndi mafilimu, pomwe mwana wawo masewero ake ena a m'zaka za m'ma 1970 analetsedwa ndi boma lomwelo la tsankho. Mwanayo anaphunzira za zisudzo ku University of Cape Town, kenako za mafilimu ku London, atabwerako nkumagwira ku Space Theatre kuno ndi Market Theatre ku Johannesburg, malo amene akuda ndi azungu ankasewera limodzi nthawi imene zinali zovuta kutero.

Evita sanayambire pa siteji ayi, anayambira mu nyuzipepala, Sunday Express, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Uys amalemba ngati kuti pali mayi wina wa ku Pretoria wodziwana ndi nduna zonse amene amamva miseche ya m'maphwando a akuluakulu, ndiye zomwe mtolankhani sakanalemba m'dzina lake zimatuluka ngati zonena za mayiyo. Anthu anayamba kufunsa kuti kodi mayi ameneyu ndani, mpaka anamuveka diresi nkumukweza pa siteji mu sewero la Adapt or Dye kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, dzina lake lonyogodola mawu oti adapt or die (sintha kapena ufe) amene P.W. Botha, mtsogoleri wa boma la tsankho, ananena mu 1979. Musaiwale kuti kunali lamulo la mu 1969, Prohibition of Disguises Act, lomwe apolisi ankagwirira amuna ovala zachizimayi, komanso Uys ndi gay ndipo nthawi imeneyo umenewo unali mlandu. Sizinali zongoseweretsa wigi.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse chifukwa pakutikhudza. Mayi ameneyu Uys anamupangira moyo wonse wathunthu. Dzina lake la pa utsikana Evangelie Poggenpoel, kwawo ku Bethlehem ku Free State, mwamuna wake Oom Hasie wa ndale za National Party, chipani cholamula cha nthawi ya tsankho, ana atatu, De Kock, Izan ndi Billie-Jeanne, mchemwali wake Bambi Kellermann amene sagwirizana naye, mayi ake okalamba atsankho lamphamvu. Ndipo anamupatsa ntchito, kazembe wa South Africa ku dziko la Bapetikosweti. Dziko limeneli kulibe, koma linali lonyoza timayiko tabodza tomwe boma linapangira anthu akuda, Transkei 1976, Bophuthatswana 1977, Venda 1979, Ciskei 1981, tomwe dziko lina lililonse silinativomereze. Ndiye Evita amaima pa siteji nkumayamikira tsankho ndi mtima wonse, kuyamikira mopitirira muyeso mpaka uchitsiru wake kuonekera poyera, ndipo wapolisi ungamumange bwanji mayi amene akutamanda boma lako? Kenako mwana wake wamkazi uja nkukwatiwa ndi mwana wa pulezidenti wa Bapetikosweti, munthu wakuda, zidzukulu nkukhala zakuda, gogo nkumazinyadira uku akuzunguzika mutu. Ine ndinakhala pamenepo ndikuganiza za kwathu, kuti Malawi wa Kamuzu anatsegula ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967 pomwe mayiko ena a mu Africa anakana, ndipo nafenso tinali ndi Censorship Board yathu kuyambira 1968, ndiye achikulire athu nthabwala za Evita akanazimva msanga kuposa ife.

Anatiwonetsa vidiyo ina imene Uys amasintha pamaso pa anthu. Amayamba atavala zakuda, mutu wadazi, patebulo pali kabokosi. Avala magalasi ndi chipewa, anyambita milomo, aloza chala, basi ndi P.W. Botha. Achotsa zimenezo, apaka lipisitiki uku akucheza ndi anthu, amata nsidze, ndolo, wigi pomaliza, ndipo chomwe ndinaona ine nchakuti asanavale nkomwe wigi msana unali utawongoka kale, khosi latalika, manja ayamba kugwira mpweya mwaulemu. Mayiyo anafika wigi isanafike. Sanachepetse mawu mpaka kulira ngati mwana, sanagwedeze matako ngakhale kamodzi.

Tiyeni tinene chilungamo abale, ife tikamuveka mnyamata chitenje timangomuika mabaluni pachifuwa, pilo kumbuyo, duku, nkumuuza kuti aziyenda mopotokola basi anthu aseke. Amaseka inde, koma amaseka azimayi, ndipo amayi a m'gulu muno munadandaulapo kale nkhani imeneyi. Evita anthu akamaseka amaseka nduna.

Za pa TV. Chaka cha 1994 timayiko tija titathetsedwa Bapetikosweti nayenso anatha, anthu nkumati mayiyu ntchito yamuthera. M'malo mwake M-Net inamupatsa pulogalamu yotchedwa Funigalore, momwe amacheza ndi andale a boma latsopano, Cyril Ramaphosa anapita naye kowedza nsomba, Pik Botha, nduna yakale ya zakunja (osati P.W. uja), analimo, mpaka Nelson Mandela weniweni anakhala pansi nkucheza naye ngati akucheza ndi mayi wolemekezeka. Otsogolera anati apa mpomwe anthu ambiri amene sankapita ku theatre anamudziwira, ndipo kwa azungu amene anali ndi mantha ndi ANC kuwaona atsogoleriwo akuseka ndi Tannie wawo chinali chinthu chachikulu. Mu 1996 Uys anatenga siteshoni yakale ya sitima ku Darling, tawuni yaying'ono kumpoto kwa Cape Town, nkuisandutsa ka theatre ndi malo odyera, Evita se Perron. Chisankho cha 1999 chisanachitike Evita anazungulira dziko kulimbikitsa anthu kukavota.

Gawo lomwe linandigwira mtima ndi la Edzi. Kuyambira cha m'ma 2000 Uys anayenda m'masukulu ambirimbiri kukamba ndi ana za kachilombo ndi makondomu mosapsatira, nthawi imene Thabo Mbeki amakayikira zoti HIV ndiyo imayambitsa Edzi ndipo nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang imalimbikitsa adyo, ndimu ndi beetroot. Awa anali a chipani cha Mandela yemwe anacheza naye uja, koma sanawanyengerere. Kumasukuluko amalankhula ngati iye mwini, Evita amangotulukira mwa apo ndi apo. Ndiye amadziwa pomwe diresi ikuthandiza ndi pomwe ingasokoneze.

Sikuti onse anagwirizana nazo. Panabuka mkangano ndithu. Mnyamata wina wa gulu la ku Khayelitsha anati mzungu yekha ndi amene akanatha kuchita zimenezo osamangidwa, wakuda akanayesa akanaonera m'chitokosi, ndipo ine ndikuti ananena zoona, khungu linamuteteza. Mayi wina anati bwanji gawo la mzimayi wamphamvu chonchi lisaseweredwe ndi mzimayi weniweni, funso lomwe silinayankhidwe bwino. Ine anandifunsa kuti kwanu zimatheka? Ndinati pa siteji mwamuna kuvala chitenje anthu anazolowera, koma ambiri a ife timasewera m'maholo a tchalitchi ndiye pamafunika kudziwa pomwe waima, ndipo sindinafune kulankhulira gulu zomwe sitinakambirane.

Pomaliza anatipatsa ntchito, aliyense alembe mbiri ya munthu wake asanaganize za chovala: anabadwira kuti, anakwatiwa ndi ndani, ali ndi ngongole kwa ndani, amaopa chiyani. Ine ndinalemba mayi wa geni yotumiza katundu kumudzi pa basi, wodziwana ndi aliyense pa boda, amene amayamikira boma lililonse lomwe lalowa ndipo zitenje za zipani zonse ali nazo mu sutikesi, amangosintha. Anthu anaseka ndisanaime nkomwe. Ndikupempha kuti timuyese mu sewero lathu likubwerali, kaya amusewera mwamuna kaya mkazi tikambirane, koma mabaluni aja ayi.

Pempho lina, ku Darling si kutali, tikanasonkha tikanapita kukaona ngati gulu, wina afufuze kaye ngati kukuchitikabe masewero komanso mtengo wolowera. Amayi msungichuma malisiti a takisi ndi chenji ndibwera nazo Loweruka ku pulakatisi, ndipo aliyense abwere ndi pepala la mbiri ya munthu wake, ngakhale theka la tsamba.